Apilo pa mlandu womenya mkazi ku Rustenburg: majaji a ku Mahikeng amayang'ana chiyani?

Amalawi okhala m'dera la migodi ya pulatinamu ku Rustenburg, kuyambira ku Marikana ndi Kroondal mpaka ku Boitekong, Freedom Park ndi Phokeng, akamva kuti mbale wawo wapezeka wolakwa pa mlandu wa nkhanza za m'banja, mawu oyamba kutuluka pakamwa amakhala akuti "tichite apilo." Ena amayamba kusonkha marandi a loya, ena n'kumaimbira ankhoswe kumudzi kuti alankhule ndi mayi wodandaulayo. Zinthu ziwirizi zimayendera limodzi chifukwa ambiri amaona apilo ngati bwalo lachiwiri, kumene banja likagwirizana nkhani imathera pomwepo. Malamulo a ku South Africa sayenda choncho. Apilo imaunika ntchito imene majisitireti anagwira, osati mmene banja likukhalira lero, ndipo amene wasokoneza ziwirizi amataya nthawi ndi ndalama, mwinanso kudziwonjezera mlandu. Mayankho otsatirawa salowa m'malo mwa loya amene wawerenga mlandu wanuwo, koma akuthandizani kudziwa zoti mukamufunse.

Kodi apilo ndi kuzenganso mlandu kuyambira pachiyambi?

Ayi. Milandu yambiri yotere imazengedwa kukhoti la majisitireti, monga la m'tauni ya Rustenburg kapena la Bafokeng ku Tlhabane. Khoti la district limatha kupereka chilango cha ndende mpaka zaka 3 pa mlandu umodzi, pamene la regional kawirikawiri limafika zaka 15. Apilo yochokera kumakhoti amenewa imapita ku High Court ya chigawo cha North West ku Mahikeng, mtunda wa makilomita pafupifupi 200, ndipo amaimva ndi majaji awiri. Majajiwo saitana mboni. Mayi uja sabwera kudzafotokozanso, wapolisi sabwera, neba amene anamva kukuwa usiku uja sabweranso. Patebulo pawo pamakhala mulu wa mapepala: mawu amene anajambulidwa m'khoti n'kutayipidwa, fomu ya dokotala, ndi zifukwa zimene majisitireti anapereka pogamula.

Kuyambira pa mlandu wa R v Dhlumayo wa mu 1948, makhoti a dzikoli amatsata mfundo yakuti khoti la apilo lisafulumire kutsutsa woweruza woyamba pa funso la amene ankanena zoona, pakuti iyeyo ndiye anaziona mbonizo ndi maso n'kumva mmene zinkayankhira zikapanikizidwa ndi mafunso. Kunena chabe kuti "majisitireti anakondera mkazi" sikusuntha jaji aliyense. Pafunika kuloza tsamba ndi mzere: apa analakwitsa lamulo, apa ananyalanyaza umboni wofunika, apa mlandu sunayende mwachilungamo. Ufulu wochita zimenezi uli mu gawo 35(3)(o) la malamulo aakulu a dziko a mu 1996, ndipo ndi wa aliyense woimbidwa mlandu, mlendo yemwe, ngakhale amene pasipoti yake inatha kalekale.

Achimwene agamulidwa dzulo. Tiyambire pati?

Yambirani pa kalendala. Gawo 309B la lamulo la Criminal Procedure Act la mu 1977 limapereka masiku 14 kuchokera tsiku la chilango kuti munthu apemphe chilolezo chochita apilo, ndipo pempholi limapita kukhoti lomwelo limene linamugamula. Werengani masiku onse, Loweruka ndi Lamulungu lomwe, kuti musadzapezeke mukukangana za tsiku limodzi. Munthu angathe kupempha pakamwa nthawi yomweyo chilango chikangoperekedwa, bola atchule zifukwa zake kuti zilembedwe. Majisitireti amafunsa funso limodzi: kodi pali chiyembekezo chomveka chakuti khoti lina lingagamule mosiyana? Akakana, pali masiku ena 21 olembera jaji wamkulu wa High Court pansi pa gawo 309C. Amene wachedwa sanatsekeredwe kotheratu, koma ayenera kulumbira kalata yofotokoza kuchedwako tsiku ndi tsiku, ndi kuonetsanso kuti apilo yakeyo ili ndi mutu. "Tinkadikira kuti abale asonkhe ndalama" ndi chifukwa chofooka, popeza Legal Aid South Africa ili ndi ofesi ku Rustenburg ndipo pa milandu yaupandu imathandiza ndi alendo omwe amene alibe ndalama ya loya.

Palinso chitetezo china chimene ambiri sachidziwa. Munthu amene analibe loya kukhoti la district n'kupatsidwa ndende yoposa miyezi 3 ndi majisitireti amene sanakwanitse zaka 7 paudindowo, kapena yoposa miyezi 6 ndi amene anazikwanitsa, mlandu wake umatumizidwa kwa jaji kuti auunike ngakhale iye asanapemphe. Limeneli ndi gawo 302.

Alamu akuti akhululuka, ankhoswe agwirizanitsa banja. Kalata yawo singawatulutse amuna awo?

Apa ndi pamene mabanja ambiri amapunthwa, ndipo yankho lake ndi lowawa: kukhululuka si chifukwa cha apilo. Mlandu waupandu ndi wa boma. Papepala pamalembedwa kuti boma likuzenga wakutiwakuti, ndipo mayi womenyedwayo ndi mboni chabe. Gawo 195 la lamulo lija limalola kuti mkazi akakamizidwe kuchitira umboni mwamuna wake pa mlandu wokhudza thupi la mmodzi wa iwo kapena la mwana wawo. Lamulo la Domestic Violence Act la mu 1998 limaletsanso woimira boma kuthetsa yekha mlandu wophwanya chiletso choteteza wozunzidwa popanda chilolezo cha akuluakulu ake. Ngati mayi sakanatha kuufafaniza mlanduwo uli mkati, sangaufafanize chigamulo chitaperekedwa.

Ena pamenepa amasintha njira n'kuuza mayiyo kuti alembe zoti ananama. Lamulo limalola umboni watsopano pa apilo, koma khomo lake ndi lopapatiza. Pafunika kufotokoza momveka chifukwa chimene umboniwo sunabwere pa nthawi ya mlandu, kuonetsa kuti ukuoneka woona, ndiponso kuti ukanasintha chigamulo. Majaji amakayikira kwambiri mboni yobweza mawu, ndipo ali ndi chifukwa. Taganizirani mayi wokhala m'mkhukhu wa malata ku Nkaneng, mwezi watha, mwini malo akufuna lendi, amene ankabweretsa ndalama ali m'ndende, foni yadzaza mauthenga a apongozi ndi a alamu ofunsa kuti ana adya chiyani ndiponso kuti kumudzi adzawayang'ana bwanji anthu. Kalata yolembedwa pamenepo ikhoza kunena zoona za njala yake koma osanena kanthu za usiku umene anamenyedwa. Fomu ya J88 imene dokotala analemba sisintha ndi kalatayo. Pa fomupo pali chithunzi cha thupi la munthu, kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo dokotala amaika zizindikiro pamene anaona bala, chotupa kapena zipsera za zala pakhosi, n'kulemba kukula kwake. Jaji akaika fomuyo pambali pa kalata yonena kuti "ndinangogwa pakhomo," amadziwa pepala loti alikhulupirire.

Njira imeneyi imaikanso aliyense pangozi. Mayi amene analumbira m'khoti n'kudzalumbiranso zosiyana angathe kuimbidwa mlandu wonama pa lumbiro. Achibale omukakamiza angathe kuimbidwa mlandu wosokoneza chilungamo. Ngati pali chiletso chomuteteza, kutuma anthu kuti akamuvutitse kungawerengedwe ngati kuphwanya chiletsocho, ndipo chilango chake chimafika zaka 5 kwa wolakwa koyamba.

Wina anganene kuti lamulo lotere ndi louma mtima, likulanga ana amene sanalakwe ndi kunyoza ankhoswe amene kwathu timawalemekeza. Mbali ya ana ndi yoona, makamaka m'dera limene migodi ya Sibanye-Stillwater ndi Impala Platinum inachepetsa antchito mitengo ya pulatinamu itagwa mu 2023 ndi 2024, ndipo pakhomo pambiri pali wolandira malipiro mmodzi. Koma lamulo lili ndi malo ake omvera zimenezi, ndiwo nthawi yopempha kuti chilango chichepe, majisitireti asanachitchule. Pa mlandu wa S v M mu 2007 khoti la Constitutional Court linalamula kuti woweruza aziganizira ana pamene akulanga kholo limene limawasamalira tsiku ndi tsiku. Zochitika chilango chitaperekedwa, monga kubwererana, khoti la apilo limazimva mwa apo ndi apo pa zifukwa zapadera. Za ankhoswe, ntchito yawo ndi kumanga banja, ndipo palibe lamulo lowaletsa. Chimene sangathe ndi kusandutsa kumenya kuti kukhale kusamenya. Kukhululuka kukanakhala kiyi wa ndende, mwamuna aliyense womangidwa akanadziwa kuti ufulu wake uli m'manja mwa munthu yemwe anamumenyayo, ndipo mkaziyo sakanagonanso tulo. Bungwe la Médecins Sans Frontières litafunsa amayi oposa 800 a zaka 18 mpaka 49 ku Rustenburg, lipoti lake la mu 2016 linapeza kuti mmodzi mwa anayi anagwiriridwapo, ndipo pafupifupi theka anachitiridwapo nkhanza zogonana kapena za mwamuna wokhala naye. Pamalo otere, lamulo lochotsa mtolo wa chigamulo pamutu pa mkazi likumuteteza iyeyo.

Koma panalibe mboni ina. Angamange bwanji munthu pa mawu a mkazi yekha?

Angathe. Gawo 208 la Criminal Procedure Act limalola khoti kupeza munthu wolakwa pa umboni wa mboni imodzi, ndipo pa mlandu wa S v Sauls mu 1981 khoti la apilo linafotokoza kuti chofunika ndi kuupima umboniwo mosamala, kuona zolimba ndi zofooka zake, n'kukhutira kuti choonadi chanenedwa. Zikanakhala kuti pafunika mboni ziwiri, nkhanza za m'nyumba sizikanalangidwa n'komwe, pakuti zimachitika chitseko chili chotseka. Komabe apa pangapezeke chifukwa chenicheni cha apilo. Ngati zimene mayi anauza apolisi zikusiyana kwambiri ndi zimene ananena m'khoti, ngati mabala a pa J88 sakugwirizana ndi mmene akuti anamenyedwera, ngati majisitireti anataya mawu a wozengedwa osanena chifukwa, loya ali ndi pogwira. Wozengedwa sakakamizidwa kutsimikizira kuti ndi wosalakwa. Mawu ake akakhala oti mwina angakhale oona, ayenera kumasulidwa. Kusiyana pa zing'onozing'ono, monga ola kapena mtundu wa malaya, sikugwetsa chigamulo.

Nanga zifukwa zimene zimagwiradi ntchito ndi ziti?

Kwa Mmalawi, choyamba kuyang'ana ndi chinenero. Gawo 35(3)(k) la malamulo aakulu a dziko limati munthu azengedwe m'chinenero chimene amamva, apo ayi amasuliridwe. M'makhoti a ku Rustenburg omasulira Chitswana, Chixhosa, Chizulu ndi Chisutu sasowa, koma wa Chichewa, Chiyao kapena Chitumbuka amachita kuitanidwa, ndipo mlandu umaimitsidwa kudikira iyeyo. Munthu amene watopa ndi kukhala pa rimandi akafunsidwa ngati amamva Chizulu amangogwedeza mutu, poganiza kuti Chizulu chogulira buledi pa spaza ndi chokwerera takisi chimukwanira. Kenako amafunsidwa ngati anali ndi cholinga chovulaza kwambiri, iye n'kuyankha "yebo" akuganiza kuti akuvomera zoti panali ndewu. Vuto lotere silioneka bwino pa mapepala otayipa, chifukwa pamenepo pamalembedwa Chingelezi cha womasulira. N'chifukwa chake loya angasankhe njira ina yotchedwa review, imene imalola malumbiro ofotokoza zimene sizili m'zolembedwa. Koma amene anatsatira mlandu wonse bwinobwino, n'kumafunsa mboni mafunso olunjika, sangadzanamizire chinenero pambuyo pake.

Chachiwiri ndi kuvomera mlandu. Ambiri amavomera pofuna kuti zithe msanga abwerere kuntchito. Pa mlandu woti chilango chake chingakhale ndende, majisitireti ayenera kufunsa mafunso pansi pa gawo 112 la Criminal Procedure Act kuti atsimikize kuti munthuyo akuvomeradi mbali zonse za mlanduwo. Akayankha kuti "ndinamukankha chifukwa anandibwerera ndi mpeni," ndiye kuti watchula kudziteteza, ndipo gawo 113 limafuna kuti khoti lilembe kuti wakana mlandu, umboni umvedwe. Majisitireti akadumpha zimenezi, chigamulo chingagwe. Amene anavomera zonse momveka bwino watsala ndi apilo ya chilango chokha.

Chachitatu, ndipo cholemera kuposa zinazi masiku ano, ndi kusiyana kwa kumenya wamba ndi kumenya ndi cholinga chovulaza kwambiri. Lamulo la Criminal and Related Matters Amendment Act la mu 2021, limene linayamba kugwira ntchito pa 5 Ogasiti 2022, linaika mlandu wachiwiriwu pa mndandanda wa milandu ya chilango chosatsika ngati wovulazidwayo ali kapena anali pa ubale wa m'banja ndi womumenyayo. Kukhoti la regional wolakwa koyamba amayambira zaka 10, kachiwiri 15, kachitatu 20, pokhapokha patakhala zifukwa zamphamvu zochepetsera. Ubale umenewu si wa ukwati wa mtchalitchi wokha. Chibwenzi, okhalira limodzi, olekana kale, obereka mwana limodzi, onsewa ali momwemo, ndipo womenyedwayo angakhalenso mwamuna. Cholinga chovulaza khoti limachipeza poyang'ana chida, mphamvu imene inagwiritsidwa ntchito, mbali ya thupi imene inamenyedwa ndi mabala ake. Umboni ukapanda kufika pamenepo, majaji angathe kutsitsa chigamulo kukhala cha kumenya wamba, chilango n'kutsika nacho. Khoti la Supreme Court of Appeal lakhala likunenanso kuti wozengedwa adziwitsidwe mlandu usanayambe kuti boma likufuna chilango chosatsikacho, kuti adziwe kukula kwa chimene akulimbana nacho.

Pa chilango chenichenicho, majaji salowererapo chifukwa choti iwo akanapereka chocheperako. Amafuna kuona kuti majisitireti anasokera, kapena kuti chilangocho n'chosiyana modabwitsa ndi choyenera. Zolembedwa za mlandu zikasowa osathekanso kuzibwezeretsa, chigamulo chingathetsedwe, monga zinachitikira pa mlandu wa Phakane ku Constitutional Court mu 2017, koma zoterezi sizichitika kawirikawiri.

Munthu akachita apilo amatuluka kaye? Kapena chilango chingakwere?

Kuchita apilo sikuimitsa chilango. Pafunika pempho lapadera la belo, ndipo wopemphayo salinso munthu woganiziridwa kuti ndi wosalakwa. Khoti limayang'ana kukula kwa mlandu, chiyembekezo cha apilo, chitetezo cha wodandaula ndi mwayi wothawa, ndipo mfundo yomalizayi imavuta kwa mlendo wopanda mapepala kapena wopanda adiresi yotsimikizika. Kutayipa zolembedwa ndi kudikira tsiku ku Mahikeng kumatenga miyezi, kotero wa chilango chachifupi angachimalize apilo isanamvedwe. Chilango kukwera n'kotheka. Gawo 309(3) limapatsa High Court mphamvu imeneyi, bola wochita apiloyo achenjezedwe kaye. Amene anapatsidwa zaka zochepa pa mlandu woyenera zaka 10 aganize kawiri asanalembe. Apilo ikakanika ku Mahikeng, chotsala ndi kupempha chilolezo chapadera ku Supreme Court of Appeal ku Bloemfontein, ndipo si ambiri amene amachipeza.

Ngati chilango ndi chindapusa chabe, kapena ndende yoimitsidwa, n'kuvutikiranji?

Chifukwa mlandu suola. Zidindo za zala zikalowa m'kaundula wa apolisi, chigamulocho chimatuluka nthawi iliyonse imene kampani ya pamgodi kapena kontrakitala wafufuza mbiri ya wofuna ntchito, ndiponso pofuna kalata ya apolisi yokonzera pemiti. Zilango zing'onozing'ono, monga chindapusa chosaposa R20,000 kapena ndende yoimitsidwa yonse, zingafafanizidwe m'kaundula, koma patapita zaka 10. Gawo 103 la Firearms Control Act limachititsa kuti wopezeka wolakwa pa nkhanza za m'banja akhale wosayenera kugwira mfuti pokhapokha khoti litagamula mwina, ndipo kwa mlonda wonyamula mfuti imeneyi ndi ntchito yatha. Gawo 30 la Immigration Act ya mu 2002 limalola a Home Affairs kulengeza kuti munthu ndi wosafunika m'dzikolo ngati anagamulidwapo popanda mwayi wolipira chindapusa, ndipo wopanda mapepala akamaliza chilango njira yake imadzera ku Lindela, malo osungirako anthu oti abwezedwe kwawo, ku Krugersdorp. Choncho amene anagamulidwa molakwika ali ndi chifukwa chomveka chomenyera dzina lake ngakhale sanagone m'ndende. Koma kuopa zotsatirazi pakokha si umboni woti majisitireti analakwitsa.

Kodi zonsezi sizikungothandiza amuna ankhanza kuzemba chilango?

Funsoli n'lomveka, makamaka kwa mayi amene analimba mtima kupita kupolisi, kukavula pamaso pa dokotala, kuima m'khoti, kenako n'kumva kuti nkhani sinathe. Komatu apilo yoyenda mwa lamulo simufunsa kanthu mayiyo. Sabwereranso m'bokosi la mboni, woyankha ndi woimira boma. Chiletso chomuteteza ndi nkhani yapayokha, ndipo chimagwirabe ntchito ngakhale mwamunayo atatuluka pa belo kapena apilo itapambana. Pa mlandu wa S v Baloyi mu 1999, Constitutional Court inagwira mfundo ziwiri pamodzi: boma lili ndi udindo woteteza anthu ku nkhanza za m'nyumba, ndipo woimbidwa mlandu satayapo ufulu wake wozengedwa mwachilungamo. Chilango chikamakula kufika zaka 10, m'pamenenso pafunika kuti wina aunike ngati chagwera munthu woyenera pa mlandu woyenera. Chigamulo chimene chapirira maso a majaji awiri n'chovuta kuchinyoza pa shabini kuti "anangomunamizira," ndipo amene amakhulupirirabe kuti kumenya ndi mankhwala a banja amasowa pobisala. Chimene chimathandiza ankhanza si apilo ayi, koma chizolowezi chathu chothamangira kwa mkazi m'malo mothamangira kwa loya.

Mayi wodandaula sangachite apilo yekha akaona kuti chilango chachepa, koma angakafotokoze kwa woimira boma, pakuti boma lili ndi mphamvu yochita apilo pa chilango. Akayamba kuopsezedwa, akanene kupolisi atanyamula chiletso chake. Ku chipatala cha Job Shimankana Tabane kuli Thuthuzela Care Centre, malo othandizira ozunzidwa, ndipo nambala yaulere ya boma ya nkhanza zotere ndi 0800 428 428.

Inu achibale a wogamulidwa, musiyeni mayiyo. Lembani tsiku la chilango, nambala ya mlandu ndi dzina la khoti, mufunseni mbale wanuyo chinenero chimene anamasuliridwa ndi zimene anafunsidwa povomera, ndipo pitani nazo ku Legal Aid, kapena imbani 0800 110 110, masiku 14 asanathe.